Kabawi m'katoni

Kabawiyo anagwa m'mawa wa pa 16 Ogasiti, m'kanjira ka kuseri kwa nyumba ya alendo imene ndinkagona, kum'mwera kwa mzinda wa Delhi. Dzulo lake linali tsiku lokumbukira ufulu wa dziko la India. Pa tsikuli, nduna yaikulu ikatha kulankhula ku Red Fort, anthu amakwera pamwamba pa nyumba zawo n'kuyamba kuulutsa makaiti mpaka mdima. Kukacha, zotsala za masewerawo zimakhala ponseponse. Ulusi woduka umalendewera m'mitengo, pa mawaya a magetsi ndi pa milongoti ya mafoni, wina wofiira, wina wachikasu, wina wosaoneka n'komwe mpaka utakukanda pakhosi.

Mbalameyo inali khuma m'mbali mwa ngalande, phiko lamanja lili lende, nthenga zitamatana ndi magazi. Agalu awiri a m'misewu anaima chapatali, akuyeza ngati angaithe. Mlonda wa panyumbapo, bambo wa ndevu zoyera, anatenga thaulo, n'kuzungulira chakumbuyo, n'kuliponya kumutu kwa mbalameyo. Itangophimbidwa maso inangoti zii. Anaigwira miyendo yonse iwiri ndi dzanja limodzi, pamwamba pa zikhadabo, kwinaku akundikodola kuti ndibweretse katoni. Anati mlomo wa kabawi usamakuopse, chimene chimang'amba munthu ndi zikhadabo. Tinaboola timabowo m'mbali mwa katoniyo, n'kuyala nsanza pansi, n'kutseka. Madzi anakana kuti tiipatse, ati mbalame yodzidzimuka ukaithira madzi kukamwa amalowera kopumira. Mdzukulu wake anafufuza pafoni n'kupeza kuti ku Wazirabad, kumpoto kwenikweni kwa mzindawo, kuli malo otchedwa Wildlife Rescue amene amalandira mbalame zodya nyama. Mlonda sakanachoka pageti, mdzukulu anali ndi zake. Onse awiri anayang'ana ine, mlendo amene m'mawa uliwonse ankangokhala pakhonde kudikira kuti nthawi yoona odwala ikwane.

Ku Delhi ndinapita ngati gadiyani. Malume anga, mlimi wa ku Ntcheu, anafunika opaleshoni ya mtima, ndipo abale titasonkherana tinanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu, kudzera ku Addis Ababa, njira imene Amalawi ambiri ofuna chithandizo ku India amadzera. Opaleshoni inali itayenda bwino, pakamwa pawo panali patayambanso kutseguka. Ndinawaimbira foni.

"Malume, lero ndifika mochedwerapo. Ndikukasiya wodwala wina kuchipatala china."

"Ndani? Mmalawi mnzathu?"

"Ayi, Malume. Kabawi."

Foni inakhala chete kwa kanthawi. "Mphwanga, kodi dzuwa la kunoli lakulowa m'mutu? Kabawi amene anandithera anapiye chaka chatha uja? Bwanji osangowasiyira agaluwo?"

"Si yemwe uja, Malume."

"Onse ndi amodzi. Pita, koma usamulipirire."

Pa mawu akuti onse ndi amodzi, Malume sanaphonye kwambiri. Kabawi wa kwathu ali ndi mlomo wachikasu, amafika cha m'ma Ogasiti n'kuchoka mvula ikamatha. Ndi uja amazungulira pamwamba pa utsi tchire likamapsa, kudikira ziwala zothawa moto, ndipo ngumbi zikatuluka amazigwira m'malere ndi phazi n'kumadya akuuluka. Mthunzi wake ukadutsa pabwalo, thadzi limalira mwachilendo, anapiye n'kubalalikira pansi pa nkhokwe, amayi n'kutuluka akukuwa. Wa ku Delhi ndi mbale wake wapafupi. Mlomo ndi wakuda, koma thupi lofiirira ndi lomwelo, mapiko otambalala pafupifupi mita imodzi ndi theka ndi omwewo, mchira wa mphanda umene amaupotoza uku ndi uku pokhota ndi womwewo. Ndinakulira pakati pa anthu amene akaona mbalame imeneyi amatola mwala. Tsono ndinali nditaikumbatira m'katoni, ndikufunafuna choikwezera.

Mu metro, sitima ya mumzinda, salola kukwera ndi nyama, choncho ndinaimitsa kagalimoto ka matayala atatu kaja, kobiriwira ndi kachikasu, kamene kumeneko amati oto. Woyendetsa anatchula mtengo wa mlendo, ine n'kutchula wanga. Ndiye anasuzumira pabowo la katoni.

"Ndi wamoyo?"

"Ndi wamoyo, achimwene."

Anatsitsa mtengo yekha, osanenererana. Sindinafunse chifukwa.

Tinalowa mu Ring Road, msewu waukulu wozungulira mzinda, kulunjika kumpoto. Ogasiti ndi mwezi wa mvula ku Delhi, ndipo kutentha kwake n'konyowa, malaya amamatirira pamsana usanayende n'komwe. Tinadutsa Raj Ghat, pamene anawotchera mtembo wa Mahatma Gandhi mu 1948, kenako kuseri kwa khoma lofiira la Red Fort, kenako depoti ya mabasi ya Kashmere Gate. Pa bampu iliyonse ndinkamva zikhadabo zikukanda katoni pamiyendo panga. Ndipo popeza ndinali ndi kabawi pamiyendo, maso anga ankangothamangira kumwamba. Kwathu ukaona atatu pamodzi umati lero achuluka. Kuno amakhala mazanamazana, ena m'munsi mwenimweni moti umaona mutu ukutembenuka, ena patali ngati timadontho, onse akuzungulira mosakupiza mapiko. Katswiri wina wa mbalame wa komweko, Nishant Kumar, ndi anzake atawerenga zisa anapeza pafupifupi 15 pa sikweya kilomita imodzi. Pa mbalame zolusa, zimene mwachibadwa zimakonda kutalikirana, kumeneko n'kuthithikana kodabwitsa.

Titapitirira Majnu-ka-Tilla, kumene kumakhala anthu othawa kwawo ku Tibet, kudzanja lamanja kunaoneka mlongoti wautali wa Signature Bridge, mlatho umene anautsegulira mu 2018 pa mtsinje wa Yamuna. Apo m'pamene tinasiya msewu waukulu n'kulowa mu Wazirabad. Tinjira take n'topapatiza, nyumba za njerwa zosapaka zasanjikizana, mawaya apiringizana pamwamba, madzi a mvula aima m'makhwawa. Woyendetsa anaima kuti afunse njira, koma mnyamata wogulitsa tiyi atangoona katoni yoboola analoza ndi chibwano tisanatsegule pakamwa. Zinaoneka kuti makatoni otere amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku.

Amene akuyembekezera kuona malo osungira nyama a udzu wotchetcha bwino ndi zikwangwani zofotokozera alendo akhoza kudutsa pakhomopo osadziwa. Ndi nyumba ngati zinzake za mumzerewo. M'chipinda chimene ndinalowa, makatoni anali atasanjidwa m'mbali mwa khoma, ndipo iliyonse inali ndi wodwala wake. Fungo lake linali la mankhwala, nyama yaiwisi ndi zitosi. Sabata imeneyi ndi imodzi mwa zotangwanika kwambiri pa chaka, choncho panalibe wondicheza. Mnyamata wina wogwira ntchito pamenepo anandifunsa kumene ndatola mbalameyo ndi nthawi yake, n'kulemba, n'kundilola kuima pakona bola ndisatseke kuwala.

Anapisa m'katoni, dzanja lina ku miyendo, lina kumsana, n'kuigoneka chagada patebulo. Apa kabawi anachita chimene akabawi amachita akagwidwa: anafooka thupi lonse, mutu n'kugwera pambali, kukamwa yasa, lilime panja. Munthu ungalumbire kuti wafa. Diso lokha ndi limene linali moyo, likutsata dzanja lililonse. Mnyamatayo sanaipanikize pachifuwa ngakhale pang'ono, chifukwa mbalame imapuma poyendetsa fupa la pachifuwa, ndiye ukaifinya pamenepo waitsamwitsa. Anayendetsa chala pa fupa lomwelo kuti amve mnofu wa mbali zonse ziwiri. Fupalo likakhala lakuthwa ndiye kuti mbalameyo yakhala masiku isakudya, ndipo yotero suyamba n'kuisoka, umayamba n'kuibwezera mphamvu. Wangayu anali wonenepa, bala linali la dzulo lomweli. Anamuika pasikelo, magalamu 700 ndi kanthu. Anamutsegula kukamwa kuyang'ana zilonda, anaona maso onse awiri, anatambasula zala za kuphazi chimodzichimodzi. Kenako anam'baya jakisoni wa madzi pansi pa khungu ndi mankhwala opha ululu, n'kufika pa phiko.

Aliyense amene anadyapo phiko la nkhuku akudziwa kachikopa kopyapyala kamene kamakhala pakati pa phewa ndi mfundo ya kutsogolo, kaja kamatambasuka ukakoka phikolo. Pa mbale ya nsima ndi kopanda ntchito. Pa mbalame youluka, kachikopa kameneka ndiye mphumi ya phiko, ndipo m'mphepete mwake mumadutsa mtsempha wotanuka umene umakoka phiko kuti liime bwino pamphepo. Kabawi akamatsika mothamanga n'kugunda ulusi wokungika, malo oyamba kukhudza ndi amenewa. Ulusiwo umadula chikopa, umadula mtsempha, umadula mnofu, nthawi zina mpaka kulowa m'fupa. Mnyamatayo anapatula nthenga ndi madzi, ndipo ndinaona bala loongoka bwino, la m'mbali mosalala, mkati mwake nsonga yoyera ya mtsempha itabwerera m'mbuyo.

Luso lonse la pamalopa lagona pa bala limeneli. Kusoka khungu lokha n'kosavuta, ndipo bala limapola, mbalame n'kumadya bwinobwino. Koma chikopacho chimapola chitakhwinyata, phiko silitambasukanso mpaka kumapeto, ndipo kabawi amene satambasula phiko ndi kabawi wa pansi moyo wake wonse. Chofunika n'kufunafuna nsonga ziwiri za mtsempha uja, zimene zimathawira uku ndi uku, n'kuzilumikiza, kenako mnofu, kenako khungu la pansi ndi la pamwamba, chilichonse pachokha, mbalame itagonekedwa ndi mankhwala. Ndinaonerera akusoka ina imene inafika ine ndisanabwere. Ulusi wosokera unali wochepa moti ndinkangoona dzanja likupita ndi kubwera. Atamaliza anapinda phikolo mmene limakhalira mbalame ikatera, n'kulimanga ndi bandeji mopingasa. Bandejiyo siikhala nthawi yaitali. Mafupa a mbalame amalumikizana msanga, pa milungu itatu kapena kuposerapo pang'ono, koma mfundo zake zimaumanso msanga, choncho amamasula n'kumatambasula phikolo pang'onopang'ono kuti lisaiwale ntchito.

Si onse amafika bala lili laliwisi. Ena amalendewera mumtengo masiku angapo anthu asanawaone, ndipo amafika mphutsi zitalowa kale, fupa litauma n'kuda. Katoni ina anaitsegula, n'kuyang'ana, n'kuitsekanso, n'kuiika payokha. Palibe ananena kanthu.

Malowa anayambitsa ndi abale awiri, Nadeem Shehzad ndi Mohammad Saud, ndipo mbiri yawo ndi yodziwika. Sanaphunzire udokotala wa zinyama. Ali anyamata ankakonda kunyamula zitsulo, ndipo zimene ankawerenga za minofu ndi mitsempha pofuna kukuza matupi awo ndi zimene zinadzawathandiza atayamba kutsegula mapiko. Ndalama za pakhomo ankazipeza popanga timabotolo tothiramo sopo wamadzi, ndipo kwa zaka zambiri ntchito ya sopo ndi ya mbalame zinkachitikira m'chipinda chimodzi cha pansi pa nyumba. Anayamba kulera akabawi ovulala mu 2003, bungwe lawo n'kukhazikitsidwa mu 2010. Pofika 2022, pamene Shaunak Sen anatulutsa kanema wa moyo wawo wotchedwa All That Breathes, mbalame zimene zinadutsa m'manja mwawo zinali zitapitirira 20,000. Kanemayo anapambana pa zikondwerero za makanema za Sundance ndi Cannes, n'kufika pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar mu 2023. Amene anamuonera amakumbukira pamene kabawi anatsika n'kutsomphola magalasi a maso pankhope pa Salik Rehman, mnzawo wa pantchito, n'kuuluka nawo.

Chiyambi chake n'chimene chimandichititsa chidwi. Kabawi woyamba amene anamutola anapita naye kuchipatala cha mbalame cha a chipembedzo cha Jain, chimene chili m'bwalo la kachisi wawo wofiira ku Chandni Chowk, moyang'anizana ndi Red Fort. Kumeneko anawabweza, chifukwa kabawi amadya nyama. Nkhaniyi anthu akamaifotokoza amakonda kuipendeketsa kuti achipatalawo aoneke ouma mtima, koma ine sindikuona choncho. Ajaini salola kupha chamoyo chilichonse, ngakhale kachilombo, ndipo chipatala chawo chakhala chikuchiza nkhunda ndi zinkhwe zosawerengeka kwaulere. Kuti adyetse kabawi mmodzi, nkhuku iyenera kufa kwinakwake, ndipo iwo anakana kulowa m'malonda amenewo. Anaima pa chikhulupiriro chawo. Vuto n'lakuti kabawi alibe nacho ntchito chikhulupiriro cha munthu. Sungamuchize ndi mapira. Amene wasankha kumusamalira wavomereza kugula nyama m'mawa uliwonse, kuigaya, kununkha nayo, ndi kubweza m'mlengalenga mbalame imene mawa idzaba chakudya m'manja mwa mwana. Abale awiriwa, Asilamu okulira pakati pa anthu odya nyama, analibe chowaletsa. Lero mbalame zambiri zimafika ku Wazirabad kuchokera m'zipatala zina za mbalame zimene sizisunga zodya nyama, ndipo aliyense akugwira mbali imene angathe.

Nyamayo payokha ili ndi nkhani. Pakona panali beseni la mitu ndi makosi a nkhuku, ndipo ndinafunsa chifukwa chake sagula mnofu wabwino. Yankho linali m'katoni ina, mmene munali mwana wa kabawi wa miyendo yopindika, wokhalira zigongono. Mbalame yolusa ikagwira khoswe imadya ndi mafupa omwe, ubweya ndi nthenga n'kudzazilavula pambuyo pake zitaumbika kampira. M'mafupamo ndi mmene imapeza kashiamu. Makolo a mumzinda amatola zotaya za kophera nyama, mafuta ndi minofu yopanda fupa, n'kumadyetsa anawo, ndipo mwana amakula mimba ili yokhuta koma mafupa ali ofewa. Oterewa amachuluka miyezi yotentha, pamodzi ndi ana ogwa m'zisa chifukwa cha ludzu. Ndiye kuti chaka cha pamalopa chili ndi nyengo zake: chilimwe ndi cha ana, Ogasiti ndi wa ulusi.

Anandilola kukwera pamwamba pa nyumba. Masitepe ake ndi opapatiza, ndipo ukamakwera umayamba kumva kulira kwawo, kaphokoso kotalika konjenjemera kumapeto. Pamwambapo pali makola a waya, ndipo akabawi anali atandandalika pamitengo, phewa ndi phewa, ochuluka moti ndinasiya kuwerenga. Ena anali ndi bandeji, ena phiko limodzi lotsika pang'ono, ena ooneka ngati alibe vuto. Pakati pawo panali muimba woyera wa nkhope yachikasu, ndipo pamalo a mdima panali akadzidzi. Palibe mbalame imene ankaisisita kapena kuilankhula. Wobweretsa chakudya amaika n'kuchoka. Kwa ife ozolowera ziweto izi zimaoneka ngati kusakonda, koma kabawi akazolowera dzanja la munthu ndiye kuti wamupha kawiri, chifukwa kunjaku adzayandikira munthu wolakwika.

Chimene ndinaima nacho nthawi yaitali ndi khola lomalizira. Mbali ina ya pamwamba pake ndi yotsegula. Palibe mwambo wotulutsa mbalame, palibe mlendo wolemekezeka wotsegula chitseko anthu akujambula. Imene phiko lake lakwanira kuinyamula mpaka pabowopo imachoka yokha, tsiku limene yafuna. Imene sinakwanitse imatsala, n'kudya, n'kuyesanso mawa. Ndikuganiza kuti mayeso achilungamo kuposa amenewa palibe, chifukwa wosoka sangadzinamize kuti ntchito yake yatheka. Ndikuyang'ana choncho, mmodzi analumpha, n'kukupiza kawiri katatu, n'kuphonya m'mphepete, n'kugwera pa anzake amene anamulandira ndi milomo. Anadzikonza nthenga n'kukhala ngati palibe chachitika.

Ndinafunsa kuti ochokawo amapita kuti. Mnyamata uja anatambasula dzanja kuloza mzinda wonse. Ambiri amathera kumtaya. Mtaya wa Ghazipur, kum'mawa kwa Delhi, ndinali nditauona kale tsiku lina tikudutsa pa galimoto, ndipo poyamba ndinauyesa phiri. Anayamba kutayapo zinyalala mu 1984, ndipo pofika 2019 unali utatalika mamita 65, kutsala pang'ono kufanana ndi nsanja yakale ya Qutub Minar ya mamita 73. Mu 2017 mbali ina inagumuka n'kupha anthu awiri. M'munsi mwake muli kophera nyama ndi misika ya nkhuku ndi nsomba, ndipo pamwamba pake akabawi amachita mtambo. M'nyengo yozizira amawonjezeka ndi alendo ochokera ku Mongolia ndi madera oyandikana nawo, amene ofufuza atawamangirira tizipangizo towatsata anapeza kuti amauluka makilomita oposa 3,000, kudumpha mapiri a Himalaya, kudzadya pa dzala limeneli. Kale ntchito yoyeretsa zakufa inali ya miimba. Koma m'ma 1990 miimba ya ku India inayamba kufa ndi impso chifukwa chodya ng'ombe zobayidwa mankhwala a diclofenac, mitundu ina n'kutha kuposa 95 pa 100 iliyonse, ndipo pamene boma linaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006 n'kuti mlengalenga mutatsala akabawi, pansi agalu.

Kabawi wanga ndinamusiya ali pamzere wodikira kusokedwa. Ndinasiya kangachepe m'manja mwa mnyamata uja kuti awonjezere pa nyama, zimene Malume sanafunikire kudziwa.

Pobwerera manja anali opanda kanthu, choncho ndinakwera oto mpaka pa siteshoni ya Vishwavidyalaya n'kulowa metro. Ndinatsikira pa Chawri Bazar, chifukwa ndinkafuna kuona kumene ulusi uja umachokera. Ku Lal Kuan, msika wa makaiti wa Old Delhi, mashopu anali adakali odzaza ndi makaiti a pepala, ambiri a mitundu itatu ya mbendera ya India, ndi zokulungira ulusi zolendewera kudenga. Masewerawa si ongoulutsa basi monga amachitira ana athu ndi kaiti ya pepala la pulasitiki. Ndi nkhondo. Umayendetsa kaiti yako kuti ulusi wako upingasane ndi wa mnzako wa padenga lina, n'kukoka kapena kumasula mwamsanga mpaka wake uduke, anthu n'kukuwa. Kuti udule, ulusiwo amaupaka guluu wosakaniza ndi magalasi opera, ndipo amautcha manjha. Woduka uja umatengedwa ndi mphepo, mamita ambirimbiri, n'kukakodwa kumene wakodwa. Wa thonje umawola ndi mvula. Wa nayiloni, umene unabwera pambuyo pake n'kutchuka chifukwa chotchipa ndi kulimba, suwola. Umakhala mumtengo chaka ndi chaka ukudikira.

Sudula mbalame zokha. Pa 15 Ogasiti 2016 ana awiri aang'ono amene anatulutsa mitu padenga la galimoto, ndi mnyamata wina wa panjinga yamoto, anafa mu Delhi ulusi utawacheka pakhosi. Mu 2017 boma la Delhi linaletsa ulusi wa nayiloni ndi uliwonse wopaka magalasi, n'kulola wa thonje wopanda kanthu, ndipo chaka chomwecho khoti loona za chilengedwe la National Green Tribunal linaletsa wa nayiloni m'dziko lonse. Lamulo lilipo. Koma makatoni amene ndinawaona m'mawa uja anadzazidwa ndi ulusi wa dzulo, osati wa 2016. Wogulitsa wina anandionetsa wa thonje n'kulumbira kuti winawo sagulitsa, ndipo mwina ankanena zoona. Munthu wofuna kupambana padenga amadziwa khomo limene angagogode.

Kuchoka apo ndinayenda wapansi kulowera ku Jama Masjid, mzikiti waukulu umene anamanga mfumu Shah Jahan m'zaka za m'ma 1650. Chapafupi, pabwalo lina, bambo wina wovala zoyera anaima ndi kajumbo ka tizidutswa ta nyama. Anaponya kamodzi m'mwamba, ndipo mlengalenga munasweka. Akabawi anatsika kuchokera mbali zonse, akupotoza michira, akulandira nyamayo ndi zikhadabo isanayambe kugwa, mphepo ya mapiko awo ikumveka pankhope. Mwambowu ndi wakale pakati pa Asilamu a ku Old Delhi. Amati kudyetsa kabawi kumabweretsa madalitso, ndipo ena amachita zimenezi pakhomo pakakhala matenda kapena vuto. Bamboyo atamaliza anapukuta manja n'kumapita osayang'ana m'mbuyo. Madenga amene amaponyerapo nyama ndi omwewonso amene amaulutsirapo makaiti, mwina ndi anthu a banja limodzi, bambo m'mawa, mwana madzulo. Mbalame imaitanidwa kuti itsike m'munsi, mmene muli ulusi. Ku Wazirabad akasoka phiko amalibweza m'mlengalenga momwemu, ndipo iwo akudziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

Kwathu kabawi kapena kadzidzi wovulala akapeza munthu wachifundo amatha kufika ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Ambiri amakumana ndi legeni asanakumane ndi munthu woteroyo, ndipo sindingamuweruze mayi amene anapiye ake asanu ndiwo ndalama ya sopo ndi makope a ana.

Ndinafika kuchipatala nthawi ya chakudya chamadzulo. Malume anali atakhala tsonga pabedi, pilo atamukumbatira pachifuwa mmene anawaphunzitsira anamwino, akuyang'ana thireyi ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa. Panali mpunga, mphodza zamadzimadzi zopanda mchere, ndi kambale ka chambiko. Chiwachitireni opaleshoni, chakudya chinali chimenechi.

"Wafika, dokotala wa akabawi? Wapona mnzakoyo?"

"Amusoka lero lomwe, Malume. Akuti bala ndi laliwisi, mwayi ulipo."

"Ndiye agona komweko?"

"Milungu ingapo, mpaka adzathe kuuluka."

"Ndalama zingati?"

"Salipiritsa."

Anaika supuni pansi. "Nanga akumudyetsa chiyani?"

Ndinayesa kuyang'ana kumbali, koma Malume si munthu womubisira. "Nkhuku, Malume. Mitu ndi makosi, ndi mafupa omwe."

"Nkhuku!" Anayamba kuseka, n'kugwira pilo mwamphamvu chifukwa kuseka kunkawapweteka pamene anasokedwa. Namwino anasuzumira pakhomo. "Wakuba uja akudya nkhuku yaulere, mwini nkhuku ndikumwa mphodza. Mphwanga, mawa ubwere ndi katoni yaikulu. Ukawauze kuti nanenso phiko landivuta."